“Ndi Yomweyo”: Bodza Limene Likutiphera Makina

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi mkwiyo, ndipo woyamba kumukwiyira ndi ine ndemwe. Ndimagulitsa mabawuti, manati, mawashala, mahinjesi ndi maloko pamsika wa Ndirande, ndipo chino ndi chaka changa cha 11 ndili pa benchi. Pa zaka zonsezi pali mawu awiri amene ndawanena kambiri kuposa moni, mawu amene wogulitsa hadiweya aliyense kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje amawadziwa: “Ndi yomweyo.” Munthu akabwera ndi sikuluwu yakutha m'manja timangoiponyera diso kamodzi, n'kupisa dzanja m'chitini, n'kutulutsa ina yofananako. “Ndi yomweyo bwana, ikalowa.” Lero ndikufuna ndikuuzeni kuti mawu amenewa ndi bodza, ndipo bodzali lapha makina ambiri m'dziko muno kuposa dzimbiri.

Chaka chatha, nthawi yozizira, kunabwera mnyamata wa Fomu 3 atanyamula kanthu kokulunga m'kansanza. Atamasula ndinaona kainjini kokwana m'chikhatho, kokhala ndi pisitoni imodzi ndi pulopela kutsogolo. Anati ndi ka kandege kouluka ndi rimoti. Amalume ake ogwira ntchito ku Johannesburg anapatsidwa ndi abwana awo pamene ankayeretsa m'galaja, nde anamubweretsera pamodzi ndi botolo la mafuta ake. Mnyamatayo anatha miyezi akumata mapiko ndi kukonza mawilo. Chimene chinatsala ndi sikuluwu imodzi. Sailensa ya kainjiniko imamangidwa ndi timasikuluwu tiwiri titalitali, koma kamodzi kanali katasowa. Kotsalako anandipatsa m'manja n'kunena kuti, “Amayi, ndikufuna yofanana ndi iyi.”

Ndinaiyang'ana, ndinapisa m'chitini cha timasikuluwu ting'onoting'ono, ndinatulutsa yotalika mofanana. Anandifunsa kawiri ngati inalidi yomweyo. Ine kawiri konse ndinati eya. Analipira, anathokoza, anapita.

Patatha masiku anayi anabweranso. Sanakalipe, ndipo mwina akanakalipa zikanandipepukira. Anangoika sailensa ija pa benchi n'kundilozera bowo. M'kati munali mosalala ngati m'paipi, mazinga onse atatha. Anati sikuluwu yanga inalowa kawiri n'kuyamba kulimba, iye poganiza kuti ndi chifukwa chakuti ndi yatsopano anaikakamiza ndi sikuludilaiva mpaka inafika. Atapita kukaulutsa pabwalo la mpira, kandege kanakwera bwinobwino, kenako sailensa inakhwefuka, injini inazima m'mwamba, kandege kanagwa chamutu, phiko n'kuthyoka. Mukudziwa chimene ndinamuyankha? Ndinati, “Achimwene, katundu akagulidwa sabwezedwa.” Ndi mmene tinaphunzitsirana pamsika. Usiku umenewo tulo sitinabwere.

M'mawa mwake ndinamuitanitsa, tinapita limodzi kwa madala ena amene kale ankagwira ntchito yosula zitsulo kunjanji, pano ali ndi kashedi kawo kuseri kwa msika. Madalawo sanafulumire kuyankhula. Anatulutsa veniya, chida choyezera kunenepa kwa chitsulo, anayeza sikuluwu yakale ija, anayezanso yanga. Kenako anazigundanitsa ziwirizo, mazinga kwa mazinga, n'kuzikweza kudzuwa. “Taona mwana wanga,” anatero. Ndinaona kuwala kukudutsa pakati. Mazinga sanali kulumana. Zaka 10 ndikugulitsa masikuluwu, sindinkadziwa kuti pali njira yachidule choncho yodziwira, yosalira ndi tambala yomwe.

Zimene ndinaphunzira tsiku limenelo, ndi zina zimene ndakhala ndikuwerenga pafoni kuchokera pamenepo, ndi izi. Sikuluwu iliyonse ili ndi dzina. Imene ndinagulitsa ine dzina lake ndi M3: kunenepa kwake ndi mamilimita 3, ndipo kuchoka pa zinga lina kufika pa linzake ndi theka la milimita. Imene inkafunika dzina lake ndi 4-40, ya muyezo wa ku America: kunenepa kwake ndi mamilimita 2.84, ndipo ili ndi mazinga 40 pa inchi iliyonse. Pa inchi yomweyo M3 ili ndi mazinga pafupifupi 51. Ndi maso simungasiyanitse, ngakhale mutavala magalasi. Koma bowo limasiyanitsa. M3 imalowa kamodzi kapena kawiri m'bowo la 4-40, kenako imaluma. Ukaikakamiza, poti sikuluwu ndi yachitsulo cholimba pamene sailensa ndi ya aluminiyamu wofewa, imadya mazinga a m'bowo ngati chiswe.

Chisokonezochi n'chakale. Ku Britain, Joseph Whitworth anakhazikitsa muyezo wake wa mazinga mu 1841. Ku America, William Sellers anabwera ndi wakewake mu 1864. Pambuyo pake maiko ambiri anatsata muyezo wa mamilimita, uwu wa zilembo M, koma America anakakamirabe mainchi ake. N'chifukwa chake tiinjini ta tindege topangidwa ku Japan, ngati ta kampani ya O.S., timamangidwa ndi masikuluwu a mamilimita, pamene tambiri takale ta ku America timafuna a mainchi monga 4-40, 5-40 kapena 6-32. Tsono ganizirani za kwathu kuno. Ife sitipanga makina ambiri, timalandira. Galimoto za ku Japan, njinga za ku India ndi China, makina osokera akale a Singer amene ali ndi mazinga awoawo, zotsala za Angelezi, zobwera ndi abale ochokera ku Joni. Miyezo yonse ya dziko lapansi imakumana m'chitini chimodzi cha pa benchi yanga. Ngati pali anthu amene amayenera kudziwa kuyeza mazinga kuposa wina aliyense, ndife. Koma ndife amene timayeza ndi diso.

Mwina mukudabwa kuti kasikuluwu kamodzi kangagwetse bwanji ndege. Tiinjini timeneti timazungulira maulendo opitirira 10,000 pa mphindi, ndipo poti pisitoni ndi imodzi, timanjenjemera koopsa. Sailensa imatentha, aluminiyamu amafufuma ndi kunyala mosiyana ndi chitsulo cha sikuluwu, ndipo paliponse pamakhala mafuta. Mafuta ake ndi osakaniza methanol, nitromethane ndi oilo, kawirikawiri oilo wa nsatsi, nsatsi zomwezi zimamera kudzala kwathu. Choncho masikuluwu a sailensa ndi amene amakonda kukhwefuka ndi kugwera mu udzu. Komanso sailensa ntchito yake sikuchepetsa phokoso lokha. Pali kapaipi kochokera ku sailensa kupita ku thanki, ndipo mpweya wa ekizozi ndi umene umakankha mafuta kuti afike ku injini mokwanira. Sailensa ikakhwefuka mpweya umathawa, mafuta amachepa, injini imatentha n'kuzima. Ndi zimene zinachitikira mnyamata uja. Miyezi yake yonse inathera pa mawu anga awiri.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kunena kuti, mayi inu, dziko lili pa mavuto a chimanga ndi mafuta, inu mukulira chidole? Ndikuyankheni. Choyamba, mwanayo sanali wa bwana, bambo ake ndi mlonda. Chachiwiri, dziko lomweli mu 2017 linatsegula ku Kasungu malo oyeserera ndege zopanda woyendetsa, mogwirizana ndi UNICEF, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy. Timaomba m'manja pa wailesi kuti achinyamata athu akuphunzira kuulutsa madroni onyamula mankhwala. Nanga achinyamata amenewo amayambira pati, ngati si pa kandege kothyoka ka m'galaja? Ndipo akafuna sikuluwu apita kuti, ngati si pa benchi yanga kapena ya mnzanga? Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, dzanja limene linapisa m'chitini tsiku lija ndi lomwelo limene limapereka bawuti kwa wa kabaza wofuna kumanga mabuleki. Ndi lomwelo limapereka nati kwa wa chigayo. Kandege kakagwa kumathyoka phiko. Njinga yamoto ikaduka bawuti pa mtsetse, kumbuyo kuli mayi wobereka mwana, kumathyoka chiyani?

Ena muti, ife ndi amphawi, timapanga ndi zimene zilipo, luso lathu ndi lomwelo. Mutchulanso William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zotolatola. Zoona, ndipo ine ndimamunyadira. Koma musaiwale kuti mnyamata ameneyo ankapita ku laibulale kukawerenga mmene magetsi amayendera. Anatola zitsulo kudzala, koma nzeru sanatole kudzala. Pali kusiyana pakati pa kupanga ndi zimene zilipo ndi kungolotera. Madala aja anandionetsa kusiyanako ndi manja awo. Bowo lija silikanagwiranso 4-40, nde analikulitsa pang'ono n'kudulamo mazinga atsopano a M3.5. Mukudziwa kumene M3.5 imapezeka? Ndi masikuluwu aja omangira masoketi ndi maswitchi a magetsi pakhoma, amene ali m'hadiweya iliyonse. Anadula awiri pa utali woyenera, anaika mawashala, n'kumuchenjeza mnyamatayo kuti chitsulo chake n'chofewerapo, aziyang'ana nthawi iliyonse asanaulutse. Kumeneko ndiye kupanga ndi zimene zilipo. Munthu wayeza, wadziwa chimene akusintha, wanenanso poyera pamene pali chofooka. Ine zija ndinachita si luso ayi. Ndi ulesi wovala malaya a luso.

Anzanga a pa benchi muti, ukanena kuti ndilibe, kasitomala apita kwa wina, ana ako adya chiyani? Funso limeneli ndimalidziwa, ndili ndi ana awiri pa sukulu. Koma tiyeni tikambe zoona. Venda wogula chimanga akapotoza sikelo timamutcha wakuba, ndipo timafuna a Malawi Bureau of Standards abwere adzayeze sikeloyo. Nanga ife tikagulitsa sikuluwu imene sitikudziwa muyezo wake, n'kulumbira kuti ndi yomweyo, tikusiyana naye pati? Iye waba makilo awiri. Ife tatenga ndalama yochepa, koma tawononga chinthu cha mtengo woposa ndalamayo kutalitali, ndipo mwini wake akabwera timamuonetsa chikwangwani chakuti katundu sabwezedwa. Choipa kwambiri n'chakuti wogulayo nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti tamulakwira. Amangoti makinawa ndi achabechabe, kapena amadzida yekha kuti ali ndi dzanja loipa. Mnyamata uja akanapanda kubwerera, bwenzi mpaka lero ndikudziyesa katswiri.

Si kuti opanga zinthu ndi oyera. Alipo amene salemba muyezo wa sikuluwu m'kabuku ka malangizo, amangolemba nambala ya sipeya yawo kuti ukagule kwa iwo okha. Alipo amene amafuna ugule sailensa yonse chifukwa cha kasikuluwu kamodzi. Kampani ya Apple inafika poika timasikuluwu ta mutu wa nsonga zisanu pa mafoni a iPhone 4, toti sikuludilaiva wamba sangamasule. Ku Ulaya anthu anadandaula za khalidwe lotere mpaka mu 2024 bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo lopatsa ogula ufulu wokonzetsa katundu wawo. Zonsezo n'zoona. Koma kuipa kwa wopanga sikundipatsa ine chilolezo chonama. M'malo mwake kukundiuza kuti nditsegule maso kwambiri. Ndipo tisamayese ngati muyezo ndi nkhani ya azungu okha. Mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yambiri m'dziko muno, unayambira konkuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anaupanga dala kuti komiti ya m'mudzi izitha kuukonza ndi sipanala imodzi, masipeya ake akhale ofanana kulikonse. Mijigo imeneyi imakonzeka chifukwa chakuti wina anakhala pansi n'kulemekeza muyezo.

Inunso ogula simupulumuka. Mumabwera chimanjamanja, n'kumandionetsa ndi zala kuti “ndi yaitali chonchi.” Ndikakuuzani kuti yolimba ndi yokwererapo mtengo mumati ndikukuberani, mumasankha yonyezimira yotchipa. Mukafika kunyumba sikuluwu ikayamba kulimba, m'malo moima mumaitana mnzanu wamphamvu. Safunsa anadya phula. Tsono poti sindikufuna mungochoka ndi mkwiyo wanga wokha, nazi zimene ndikanakonda wina akanandiuza zaka 11 zapitazo.

Mukamafuna sikuluwu, kaya ya sailensa ya kandege, kaya ya wailesi, kaya ya makina osokera, bwerani ndi inzake yotsala, kapena chinthu chimene ikukalowamo. Pali zinthu zinayi zoti zifanane: kunenepa, kutalikirana kwa mazinga, utali, ndi mutu. Utali umayezedwa kuyambira pansi pa mutu, kupatula ija ya mutu wolowa m'kati imene imayezedwa yonse. Gundanitsani yakale ndi yatsopano, muzikweze kowala. Zikalumana popanda mpata, mazinga ndi amodzi. Kenako yesani ndi zala zokha. Sikuluwu yoyenera imazungulira katatu kanayi popanda chida chilichonse. Ikalimba pa ulendo wachiwiri, imani pomwepo, musamvere aliyense wonena kuti ilowa ikazolowera.

Ngati mukufuna kudziwa ngati sikuluwu yanu ndi 4-40, pitani kwa okonza makompyuta. Timanati tiwiri tija ta m'mbali mwa pobayira chingwe cha VGA ndi ta 4-40. Ikalowa bwino pamenepo, mwalidziwa dzina lake. Masikuluwu otsekera bokosi la kompyuta ya patebulo ambiri ndi 6-32, pamene omangira choimbira ma CD ndi M3. Ndi aafupi, sangamange sailensa, koma amathandiza kuyerekezera. Pa chinthu chonjenjemera ngati injini, funani aja akuda a mutu wa alenikiyi, olembedwa 12.9 kapena 10.9 pamutu. Manambala amenewo akunena kulimba kwa chitsulo. Mukapeza yaitali kwambiri musataye mtima: lowetsani nati kaye, dulani ndi sowo, palani kunsonga, kenako tulutsani natiyo, idzawongola mazinga potuluka. Musasiye yaitali mopitirira, chifukwa ikagunda pansi pa bowo imaoneka ngati yamanga pamene sailensa ikugwedera. Ikani sipuling'i washala. Manati aja okhala ndi pulasitiki m'kati musawadalire pamalo otentha kwambiri, pulasitikiyo imafewa. Ndipo injini ikalira koyamba, izimitseni, mumangenso isanazizire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ine ndinabweza ndalama ya mnyamata uja, ndinalipira madala aja, ndinagulanso guluu wa phiko. Zonse pamodzi zinadya phindu langa la masiku angapo. Kenako ndinagula veniya yotchipa. Ndinakhuthula zitini zonse pa chiguduli, ine ndi mwana wanga wamkulu tinatha Lamlungu atatu tikusankha, ndipo lero chitini chilichonse chili ndi dzina lake lolembedwa ndi maka. Pa benchi ndinakhomerapo thabwa lokhala ndi manati a miyezo yodziwika, kuyambira M3 mpaka M12, ndi ena a mainchi amene ndawapeza, kuti kasitomala aziyesa yekha ndi zala zake. Sindikunamizani kuti ndalemera. Alipo amene ndikati “imeneyo ndilibe” amapita pa benchi yachitatu n'kukagula bodza lomwe lija. Anzanga ena amandiseka, amati amayi a veniya. Koma amakanika awiri atatu amene kale ankangodutsa, pano amatuma ana awo kwa ine, chifukwa akudziwa kuti ndikati ndi yomweyo ndiye kuti ndayeza.

Kandege kaja kanaulukanso mwezi wa August. Mnyamatayo anabwera kudzandionetsa kanema pafoni ya mnzake, ndipo sailensa inali pamalo pake.

Tsono pempho langa ndi ili. Inu a mabenchi, ku Ndirande, ku Limbe, ku Mchesi, ku Mzuzu, ku Zomba ndi kwina konse, phunzirani mayina a zimene mumagulitsa. Wogulitsa nsalu amadziwa mita, wogulitsa mpunga amadziwa kilo, ife tokha ndiye tizigulitsa chinthu chimene sitingachitchule? Inu a makomiti a misika, m'malo mongotolera za chitetezo, itanani mmisiri wopuma ntchito adzatiphunzitse masana amodzi. Alipo ambiri m'makwalalamu, nzeru zawo zikungopita nawo kumanda. Inu aphunzitsi a m'gulu lino, mukamaphunzitsa mamilimita, bweretsani bawuti m'kalasi ana aigwire. Ndipo inu ogula, wina akakuuzani kuti “ndi yomweyo,” mufunseni modekha kuti, “Muyezo wake ndi chani?” Akayankha, gulani. Akayamba kuseka kapena kulumbira, bwezani ndalama m'thumba, ngakhale wogulitsayo nditakhala ine.